Mukamapita ku Khirisimasi, galu atsala ndi ndani? Nanga mumlipira zingati?

Disembala ikangoyandikira, m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook pa Boma pano mumayamba kuoneka mauthenga ofanana: wina akufuna mnyamata wokhulupirika woti amuyang'anire agalu kwa sabata ziwiri. Mawu oti "wokhulupirika" amawalemba ndi zilembo zikuluzikulu. Mtengo salemba. Ukafunsa amati tikambirana ku inbox, ndipo amene anagwirapo ganyu yotereyi akudziwa mmene zokambiranazo zimathera: ka K10,000, jinzi yakale yomwe bwana anasiya kuvala, ndi madalitso apakamwa.

Ena museka kuti nkhani zonse zilipozi ndasankha ya agalu. Sekani, koma muwerenge kaye. Boma lathuli ladzaza ndi anthu obwera: anamwino, aphunzitsi, apolisi, a ku banki, a ku khonsolo, akalaliki ndi mamanejala a m'maesiteti a tiyi monga Lujeri. Ambiri kwawo ndi kutali, ena ku Mzimba, ena ku Ntcheu, ena ku Karonga. Tchuthi chikafika amanyamuka ndi banja lonse, nyumba n'kutsala ndi galu. Ndipo agalu a masiku ano si aja achikuda ongodzisakira okha kudzala. Achinyamata ambiri kuyambira ku Chitakale mpaka ku Likhubula akuweta ma Boerboel, ma German Shepherd ndi ma Rottweiler, ena ngati alonda, ena ngati bizinesi yogulitsa tiana. Galu wotere wadya ndalama zambiri. Chodabwitsa n'chakuti mwini wake, amene salola n'komwe kubwereketsa foni yake kwa mphindi zisanu, amasiya galuyo limodzi ndi makiyi a geti kwa munthu amene akumulipira ndalama yosakwana kugula thumba la makala.

Tiyambe ndi ndalama, poti n'pamene pamavuta.

Pa 1 Juni 2025, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba omwe boma linalengeza anafika pa K72,800 pamwezi, kuchoka pa K52,000. Mukagawa ndi masiku 26 ogwira ntchito, ikubwera K2,800 patsiku. Kwa ogwira ntchito zina wamba, malipiro otsikitsitsa anachoka pa K90,000 kufika pa K126,000, yomwe ndi pafupifupi K4,846 patsiku. Palibe ndime ya lamulo yomwe inalembedwa kuti "woyang'anira agalu azilandira mwakuti", koma manambala awiriwa ndiwo poyambira pabwino, chifukwa si ine kapena inu amene tawapeka.

Ndiye tiwerengere. Mwachoka kwa masiku 14. Pa K2,800 patsiku, ikukwana K39,200. Koma galu sadziwa Lamulungu, sadziwa holide. M'masiku 14 a nyengo ya zikondwerero mumalowa masiku awiri opuma, kuphatikizapo 25 Disembala, 26 Disembala ndi 1 Januwale. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu akagwira ntchito pa tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma, malipiro ake akhale owirikiza kawiri. Masiku asanu amenewo akuwonjezera K14,000, ndipo zonse pamodzi zikufika pa K53,200. Fanizirani ndi ka K10,000 kaja.

Ndikudziwa kale yankho la eni agalu, chifukwa ndalimva kangapo: "Koma akulu, ntchito yake ndi yotani? Kungothira nsima m'mbale, kusintha madzi, basi wapita." Chabwino, tiyese kuwerengera pa ola. K2,800 kugawa ndi maola 8 ndi K350 pa ola. Ola limodzi m'mawa, limodzi madzulo, lina la kuyenda, ndiye kuti K1,050 patsiku. Pa pepala zikuoneka zomveka, koma masamu amenewa ali ndi bodza mkati mwake. Munthu amene wavomera kubwera m'mawa ndi madzulo kwa masiku 14 wamangidwa mwendo. Sangapite kwawo ku Limbuli kukadya mpunga wa Khirisimasi n'kugona konko. Sangavomere ganyu yopalira kutali, chonsecho Disembala ndi mwezi womwe ganyu ya m'munda imapezeka. Sangapite kumaliro a masiku awiri osayamba waganiza za galu wanu. Chimene mukugula si maola atatu ayi, mukugula tsiku lake. Ine ndimaona kuti wongobwera kawiri patsiku asapatsidwe zochepera K2,000 patsiku, ndipo ngati akuchokera kutali, ya kabaza ikhale yapadera.

Tsono pali gulu lina lomwe eni agalu amalibera mochenjera. Amati "ukagone konko kuti agalu asasungulumwe." Aise, munthu amene akugona pakhomo panu usiku, nyumba ili yokhoma, katundu ali mkati, ameneyo ndi mlonda. Akuba akabwera, chikwanje sichifunsa kuti unalembedwa ya agalu kapena ya ulonda. Kwa ameneyu muyambire pa K4,846 patsiku, yomwe pa masiku 14 ndi K67,844, musanawonjezere za maholide. Ngati ndalamayi yakukulirani, palibe chamanyazi, koma mufupikitse ulendo kapena wina wa m'banja atsale. Osati kupachika umphawi wanu pa wosauka kuposa inu.

Anzathu ambiri a kuno ali ku Joni, ndipo ena mwa iwo ntchito yawo ndi yomweyi: kusamala maluwa ndi agalu a mabwana ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Ku South Africa malipiro otsikitsitsa mu Malichi 2025 anafika pa R28.79 pa ola, ndipo kuyambira 2022 antchito a m'nyumba amawerengedwa mofanana ndi ena onse. Pa mtengo wa ku banki wa mu 2025, R28.79 inali pafupifupi K2,800. Ndiye kuti ola limodzi kumeneko linkafanana ndi tsiku lathunthu kuno. Sindikunena kuti tizilipira ngati a ku Joni, chuma chathu n'chosiyana. Ndikungofuna muone chifukwa chake mnyamata wodziwa kugwira agalu sakhalitsa pa Boma pano, akangopeza ya basi wapita. Kumayiko a azungu ntchitoyi inafika pokhala bizinesi yaikulu. Kampani ya Rover, yomwe inayamba mu 2011 ku Seattle polumikiza eni agalu ndi owayang'anira kudzera pa foni, inagulidwa mu 2024 pa mtengo wa madola pafupifupi 2.3 biliyoni. Ife kuno tikadali pa "ndidzakuona ndikabwera."

Koma chitsanzo chabwino sichili kutali. Pitani ku Likhubula. Otsogolera alendo ndi onyamula katundu m'phiri la Mulanje ali ndi mtengo wodziwika wa patsiku, ndipo mlendo amaudziwa asanayambe kukwera. Palibe zoti tikafika pa Chambe tikambirana. Dongosolo limeneli limateteza mbali zonse: mlendo saberedwa, wonyamula katundu saponderezedwa, ndipo wina akachita zachinyengo anzake amadziwa kwawo. Ngati zinatheka ndi zikwama za alendo, zingakanike bwanji ndi agalu?

Tsopano nkhani ya chakudya, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa ya malipiro, ngakhale anthu saikamba.

Eni agalu ambiri amasakaniza ndalama ya malipiro ndi ya chakudya cha galu. Amapereka ndalama imodzi n'kunena kuti "ugulemo madeya ndi bonya, yotsalayo ndi yako." Mukatero mwaika munthu pa mpikisano ndi galu wanu. Kwacha iliyonse yomwe galu wadya yachoka m'thumba la womuyang'anira. Mukabwera n'kupeza nthiti zikuwerengeka, musadabwe, masamuwo munawakonza ndinu.

Ndipo tisaiwale kuti Disembala mpaka Febuluwale ndi miyezi yomwe nkhokwe zimakhala zitauma. Ku Mulanje kuno minda ndi yaing'ono, malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi, ndipo mabanja ambiri amadalira chimanga chogula. Chaka chikavuta, madeya omwewo omwe ife timati ndi a galu ndi nkhumba, ena amagayitsa n'kudyera nsima. Ndiye taganizirani bambo amene kwawo ana agona ndi mango owiritsa, inu mwamusiyira ufa woyera, bonya ndi mafupa a ku butchala kuti aziphikira Bruno kawiri patsiku. Akatapako n'kupita nazo kunyumba, mudzati ndi wakuba. Mwina ndi wakubadi. Koma ine ndimaona kuti amene anasiya chakudya cha galu chokha osaganizira mimba ya wophikayo nayenso ali ndi mbali yake. Njira yake ndi yosavuta: chakudya cha galu mugule nokha musananyamuke, muyeze cha tsiku lililonse, ndipo pambali pake musiyepo ufa, ndiwo ndi sopo za munthuyo, n'kumuuza momveka kuti izi ndi zake. Zimenezi si malipiro ayi, musadzazichotsere.

Nanga wokhulupirikayo timupeza kuti?

Choyamba, lekani kulengeza pa Facebook kuti mukuchoka pa 20 ndipo mudzabwera pa 3. Uthenga umenewo sawerenga ofuna ganyu okha. Mwauza tauni yonse kuti nyumba ikhala yopanda anthu, mwaikanso chithunzi cha galu kuti aone kukula kwake ndi geti yomwe ili kumbuyoko. Akuba a masiku ano sachita kulimbana ndi galu, amangoponya nyama yothira tameki madzulo, usiku n'kubwera kudzalowa mwaufulu. Funsani mwakachetechete: kwa aneba, kutchalitchi kapena kumzikiti, kwa anzanu a kuntchito amene anasiyirapo munthu.

Ambiri amathamangira kwa wachibale poganiza kuti magazi sanama. Zimatheka, koma wachibale ali ndi vuto lake: simungamufunse mafunso ovuta, ndipo zikalakwika nkhani imafika kwa amalume. Komanso wachibale ndi amene timamudyera masuku pamutu kwambiri, chifukwa timaona ngati kugona m'nyumba mwathu ndi kuonera TV ndi malipiro okwanira. Mphwanu amene wamaliza Fomu 4 ndipo akungokhala, mukamusiyira agalu mulipireni ngati mmene mukanalipirira mlendo. Wantchito wa m'nyumba amene galu anamuzolowera kale ndiye woyenera kuposa onse, koma mukumbukire kuti nayenso ali ndi kwawo, ndipo lamulo limamupatsa tchuthi. Mumufunse, osati kungomuuza.

Akakhala munthu amene simukumudziwa bwino, pali zinthu zomwe si zamwano kufunsa. Chiphaso cha unzika, chomwe a NRB anayamba kupereka mu 2017, muchione ndi maso anu. Mudziwe kumene amagona, osati kungomva kuti "cha ku Chitakale", ndipo nyakwawa kapena wapampando wa chitetezo cha m'dera adziwe kuti pakhomo panu patsala uje. Ngati akuti anagwirapo kwa wina, imbirani winayo. Funso lothandiza si lakuti "ndi munthu wabwino?" chifukwa Amalawi sitikonda kuipitsa mnzathu pa foni. Funsani kuti "mungamusiyirenso?" ndipo mumvetsere kutalika kwa chete asanayankhe.

Kenako mayeso enieni achite galuyo. Munthuyo abwere masiku atatu kapena anayi inu mukadalipo, adyetse yekha, atsegule khola yekha, amange tcheni yekha, ndipo masiku amenewa mumulipire. Muone mmene akugwirira mbale, muone ngati dzanja lake likuthamangira ku ndodo kapena mwala. Ambiri tinakula tikudziwa kuti galu ndi wogenda, ndiye munthu akhoza kukhala woona mtima pa ndalama koma wankhanza kwa chiweto, kapena wamantha moti azingoponya nsima pawindo la khola kwa sabata ziwiri osalitsegula n'kamodzi komwe. Galu amene akubisa mchira munthu akamayandikira wakuuzani zomwe chiphaso sichinganene. Paja galu wamkota sakandira pachabe.

Kwa inu oweta agalu amtundu, pali chinyengo china chomwe mumachidziwa bwino kuposa ine. Galu wamphongo akhoza kumatengedwa masana kukakwera agalu a anthu ena, ndalama n'kulowa m'thumba la woyang'anira, matenda n'kubwera kwanu. Tiana tikhoza "kufa" tiwiri inu muli ku Mzimba, mwezi wamawa n'kudzationa pa status ya munthu wina ku Limbe. Muwerenge tiana pamaso pake, mujambule, ndipo mugwirizane kuti galu satuluka pageti popanda inu kudziwa. Mumugulire bandulo kuti azikutumizirani kavidiyo tsiku lililonse. Si ukazitape, ndipo zimamutetezanso iyeyo galu akadwala mwadzidzidzi, chifukwa umboni ulipo kuti dzulo anali bwinobwino. Ndalama mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba, theka ponyamuka, theka pobwera, kuti pasadzakhale zoti "ndinakupatsa" ndi "simunandipatse." Zomwe mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa WhatsApp.

Koma chimene chimandinyansa pa mauthenga aja n'chakuti kukhulupirika kumafunsidwa mbali imodzi. Nanga mwini galu, ndi wokhulupirika?

Funso loyamba lomwe wofuna ganyuyi ayenera kufunsa si la ndalama. Ndi lakuti: galuyu anabayitsa katemera wa chiwewe liti, ndipo kapepala kake kali kuti? Chiwewe si nthano. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibe mankhwala, munthu amapita. Kuno kum'mwera vutoli tikulidziwa. Kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe ku chipatala cha Queens n'komwe kunachititsa kuti bungwe la Mission Rabies liyambe kubaya agalu mumzinda wa Blantyre mu 2015, n'cholinga chofikira agalu 70 pa 100 alionse, mlingo womwe akatswiri amati ukakwana matendawa amasiya kufala. Blantyre ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka chabe pa minibasi, ndipo agalu osokera sadziwa malire a boma kapena a dziko, kaya ndi pa Muloza. Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matendawa, koma eni agalu ambiri tsikuli limangowadutsa.

Ndiye ngati galu wanu sanabayitse, pitani naye kwa alangizi a ziweto musananyamuke. Musamusiyire mwana wa mnzanu chiweto chomwe inu nomwe simukudziwa chili ndi chiyani m'magazi. Ngati galuyo analumapo munthu, nenani. Ngati amalusa akamadya, nenani. Ndipo mugwirizaniretu kuti akalumidwa, ya mayendedwe ndi ya chipatala ndi yanu. Woyang'anirayo adziwe chochita: kutsuka bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti bwana abwere kaye, osapaka tsabola kapena ubweya wa galu wowotcha ngati mmene ena amanenera. Katemera wa munthu wolumidwa ndi wodula ndipo sapezeka paliponse nthawi zonse, ndiye musiye ndalama yapadera yoti ikhoza kumufikitsa ku Blantyre zitavuta.

Apa mpamenenso ndimakana zosiyira ana. Pa anthu 100 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, a WHO amati pafupifupi 40 amakhala ana osakwana zaka 15. Mwana akakandidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa. Kamnyamata ka Sitandade 6 ka kwa aneba n'kotchipa, inde, kamasangalala ndi K500 ndi Fanta, koma Rottweiler wolemera kuposa ikoko si woseweretsa.

Inunso ofuna ganyu, dziwani kuti galu akakhala m'manja mwanu, udindo suli kwa mwini yekha. Malamulo a milandu m'dziko muno amatha kugwira munthu amene walekerera chiweto chomwe akusunga mpaka kuika ena pa ngozi. Mukaiwala kutseka geti galu n'kuluma mwana wodutsa, apolisi adzayamba ndi amene anali pakhomopo. Palinso lamulo loteteza zinyama ku nkhanza, lomwe limakhudza kuzimana chakudya ndi kuzimenya. Zonsezi ndi zifukwa zoti musavomere ntchitoyi pa mtengo wa sopo. Ndipo boma likalengeza kuti agalu onse amangidwe chifukwa kwabuka chiwewe, galu wopezeka akuyendayenda akhoza kuwomberedwa, ndiye khutu likhale ku wailesi.

Pali tina ting'onoting'ono tomwe mwini galu ayenera kukonza yekha, chifukwa si ntchito ya woyang'anira. Mvula ya ku Mulanje tonse tikuidziwa, ikayamba imatha masiku osakata, ndipo amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa mmene madzi ochokera m'phiri amathamangira. Khola lomwe lili motsetsereka kapena lodontha likonzedwe, ndipo munthuyo adziwe poti angasamutsire galu madzi akalowa. Nyengo yamvula ndi ya nkhupakupa ndi utitiri, ndiye galu asambe dipi ndi kumwa mankhwala a njoka zam'mimba inu musanachoke. Tiana tosabayitsa timafa msanga ndi matenda aja otsegula m'mimba mwa magazi, ndipo kakayamba kusanza lero, mawa likhoza kukhala mochedwa. Nambala ya dokotala wa ziweto ilembedwe pakhoma, osati ingokhala m'foni yanu yomwe ku mudzi kwanuko netiweki imagwira mukakwera pachulu.

Usiku wa pa 31 Disembala ukhale m'mgwirizano mwapadera. Makombola akayamba kuphulika, agalu ambiri amachita mantha, amadula tcheni, amalumpha mpanda, ndipo ena sabwereranso. Ndi usiku womwewo womwe woyang'anira wanu, poti naye ndi wachinyamata, akufuna akakhale ku Chitakale ndi anzake kapena kutchalitchi kudikira chaka. Ngati mukufuna kuti atsale pakhomo, galu atsekeredwe m'khola dzuwa lisanalowe, ndipo usiku umenewo muulipire pawokha, mtengo wake muunene lero, musananyamuke.